Chitseko Cholemera cha M'bawa

Yohane, ika sowo imeneyo pansi. Ndati ika pansi, usandiyang'ane ngati ndakulankhula Chipwitikizi. Nawenso Esitere bwera kuno, asiye amisiriwo apitirize kuika chitseko chawo chachitsulocho, sakufuna kapitawo. Unditengere mpando.

Ndiye munapangana eti? Mwadikira tsiku loti nkhalamba yapita ku Boma kukatenga mankhwala, inu n'kubwera kuchokera ku Limbe ndi chitseko chatsopano pagalimoto, n'kuzula changa chakale, kuti ndikamafika ndidzaombe m'manja. Simunadziwe kuti lero kuchipatala kunalibe mzere. Ndikanachedwa ola limodzi ndikanapeza chitseko changa chasanduka khola la mbuzi. Wadulako kale kumunsiku, Yohane. Chidutswacho ndachiona, usachibise ndi phazi. Wati wangochotsa kovundako? Ndamva. Safunsa anadya phula, mdzukulu wanga, koma mlanduwu si wako wekha. Inenso nkhaniyi ndaisunga m'kamwa zaka zambiri, ngati kuti mukanailota. Khalani pansi nonse awiri ndikuuzeni chimene mwayamba kudulachi.

Choyamba, musanditenge ngati nkhalamba yodana ndi zatsopano. Malata aja munachotsa chaka chatha, ndinakana? Anali atabooka ngati sefa. Mvula ikayamba ndinkayala mabeseni atatu ndi ndowa, ndipo ndinkadziwa ndi khutu lokha kuti beseni lakukhomo ladzadza. Ndinawamata ndi phula, ndinawamata ndi nsanza zoviika mu penti, mpaka zigamba zinachuluka kuposa malata. Mutabwera ndi atsopano ndinathokoza. Koloboyi munamutaya n'kundiikira sola, ndinathokozanso, ngakhale kuwala kwake kumaonetsa fumbi lomwe ndinkakhala nalo mwamtendere. Wailesi yanga ija yomanga ndi mphira, yoti iyankhule unkayamba wayanika mabatire padzuwa kenako n'kuiwomba khofi kumbuyo, inapita, sindinalire. Simbi yamakala inandiwotchera malaya a kutchalitchi kawiri, nayonso ipite bwino.

Chinthu chikakalamba m'nyumba chimayamba makhalidwe akeake, ndipo amene amachidziwa ndi mwini wake yekha. Mlendo amati chawonongeka, mwini amati sunachigwire bwino. Koma imafika nthawi yoti mwini yemweyo watopa nacho kunyengerera. Chitseko ichi nachonso chinafika pamenepo, sindikubisa. Mvula ya chiperoni ikabwera chimatupa, osatseguka mpaka uchikankhe ndi phewa. Mahinjesi ndasintha katatu, chikungowerama ndithu, moti potseka umachita kuchinyamula ndi phazi. Kumunsi kunavunda ndi madzi odontha kudenga lakale lija. Esitere, tsiku lija unaima panja ndi katundu pamutu, ine ndikulimbana nacho mkati, ndinaona nkhope yako ndipo ndinadziwa kuti tsiku lina udzachita zimene wachitazi. Umaopa kuti ndidzadwala mkati anthu n'kulephera kulowa. Mantha akowo ndi achikondi, sindikuwanyoza.

Koma tandiuzeni, pochizula munachinyamula anthu angati? Anayi. Chitseko cha nyumba yaing'ono ngati ino, anthu anayi. Simunadabwe? Nanga kuchipinda kwanga kuja, komwe kuli fulemu yabwinobwino koma pakhomo pakulendewera chitenje, simunadzifunsepo kuti chitseko chake chinapita kuti? Iwe Esitere unandifunsa uli wamng'ono, ndinakuuza kuti chinadyedwa ndi makoswe, iwe n'kukhulupirira. Lero ndikuuzani zoona.

Ine ndinabadwira pa esiteti, m'nyumba za kampani zija timati malayini. Bambo anga anawoloka mtsinje wa Ruo kuthawa Apwitikizi, atanyamula khasu ndi mphasa basi. Ndinayamba ndi kuthyola tiyi ngati wina aliyense, dengu kumsana, chisaka pamutu, masamba awiri ndi kansonga kake, kuyambira mame asanaume. Kenako anandiona kuti manja anga amamva mtengo, ananditengera ku wekishopu kukakhoma mabokosi a tiyi. Inu simunawaone amenewo, masiku ano tiyi amapita m'matumba a mapepala. Anali mabokosi a pulayiwudi, timatabwa topyapyala tomata pamodzi, m'mphepete tizitsulo, mkati pepala lonyezimira loteteza tiyi ku chinyezi. Kunja tinkadinda ndi penti yakuda mayina a mizinda yakutali yomwe sitinkadziwa n'komwe kuti ili mbali iti. Ndinkakhoma kuyambira belu la m'mawa mpaka la madzulo, misomali ili m'kamwa, ndipo panalibe wondiposa liwiro. Ndinkadzitama nazo zimenezo.

Agogo anu aakazi, aEnelesi, ndinawaona pa sikelo, pomwe othyola amayezetsa masamba. Anali akukangana ndi kalaliki kuti wawerenga molakwa, dzanja lili m'chiuno, anthu onse ali chete. Ndinati mumtima, mkazi uyu akandikana ndiye kuti ndapulumuka, akandilola ndiye kuti ndalemera. Anandilola. Iwe Esitere pakamwa pakopo si pachilendo, tikudziwa komwe panachokera.

Anatipatsa chipinda chimodzi kumalayini. Chilichonse mmenemo chinali cha kampani: khoma, zenera, denga, ndi chitseko chomwe chinali ndi nambala yolemba ndi penti yoyera. Kapitawo ankayendera kuona ngati zonse zilipo. Ukathyola kanthu unkayankha, ukachotsedwa ntchito unkatuluka tsiku lomwelo ndi mapoto ako.

Mmenemo ndi momwe munabadwira mwana wathu woyamba. Amayi anu Aginesi si oyamba ayi, anali ndi mkulu wawo, dzina lake Tereza. Mukanamati amayi aakulu. Dzina limeneli simunalimvepo chifukwa m'nyumba muno sitinkalitchula. Kanali kamtsikana kolongolola, kokonda zonyezimira. Ndinkakabweretsera tizidutswa ta pepala la m'mabokosi lija, iko n'kumakulunga m'manja ngati zibangili, kumayenda pa layini ponse kuti anthu akaone. Anafika zaka zinayi. Chikuku chinalowa m'malayini nthawi ya dzinja, chinatenga ana angapo, ndipo Loweruka lina m'mawa chinatenga wathu. Nthawi imeneyo aEnelesi anali ndi pakati pa amayi anu, mwezi wachisanu ndi chitatu.

Ndinapita kusitolo ya kampani kukapempha matabwa. Ndinapeza loko. Wosunga makiyi anali atapita kwawo, kubwera Lolemba, ndipo popanda pepala losayina thabwa silituluka. Ndinapita kunyumba ya bwana, mlonda anandibweza pageti, anati bwana kulibe. Ndinabwerera kumalayini manja ali lende. Azimayi anali atadzadza m'nyumba, akulira. Ndinaima pakhomo n'kuyang'ana chitseko chija. Chinali cha paini, matabwa anayi abwino, okwanira mwana. Kumudzi munthu akasowa matabwa amazula chitseko cha nyumba yake, palibe amene amadabwa. Ndinatenga sikuludilaiva n'kuyamba kumasula hinjesi yapamwamba.

Mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, aNamakhwa, anandigwira dzanja.

"Achimwene, mukutani?"

"Mukuona."

"Chitseko chimenechi chili ndi nambala. Mukachizula, Lolemba muli pamsewu. Alamu ali ndi pakati chonchi, mukagona nawo kuti? Mwataya mmodzi, musataye awiri."

Ndinkafuna kuwamenya, koma ankanena zoona. Ndinabwezeretsa sikuluwu ija ndi dzanja langa lomweli.

Kuseri kwa fakitale kunali mulu wa mabokosi okanidwa, ong'aluka ndi opindika. Ndinasankha awiri. Bokosi la tiyi ndi lalifupi, mwana wa zaka zinayi sangagonemo atawongoka, ndiye ndinaphwasula onse awiri n'kulumikiza pakati ndi tizitsulo tam'mphepete tija. Ndinayesetsa, ana inu. Ndinapala, ndinakhoma mothinana, koma zilembo zakuda zija zinakana kufufutika. Mwana wanga analowa m'bokosi lolembedwa dzina la mzinda wa azungu.

Manda anali kutsidya kwa munda wa tiyi, pachitunda. Titangonyamuka mvula inayamba, ya Januwale, yosaona nkhope. Pulayiwudi sagwirizana ndi madzi. Tisanafike pakati pa munda anayamba kusendeka, ndipo polumikiza paja panayamba kutsika. Ndinali kumbuyo, ndinaona nsalu yoyera ikusuzumira pansi pa bokosi. Onyamula anachotsa mapewa n'kuika zikhatho pansi, amuna anayi kuyenda chowerama mumatope, atagwira mwana wanga kuti asagwe. Wina anathamanga kukatenga mphasa, tinakulunga zonse pamodzi, bokosi ndi mwana, n'kumanga ndi luzi. Amayi ake anaona zonsezo. Analira m'Chilomwe, kuitana Mulungu kuti Muluku, mawu omwe sindinawamvenso kuchokera tsiku limenelo.

Anakhala masiku osandilankhula. Titameta, anthu atabalalika, anandibweretsera madzi osamba, anaika beseni pansi n'kuima.

"Bambo a Tereza," anatero, "inu ndinu kalipentala."

Sanakweze mawu, iwo amene ankagwedeza sikelo yonse. Ndakhala ndikutukwanidwa ndi akapitawo, ndinamenyedwapo ndi asilikali pa msonkho, koma palibe chinandipweteka ngati mawu amenewo. Ndinachita manyazi omwe sanandichoke mpaka ndinakalamba nawo. Munthu wokhoma mabokosi tsiku lonse, oti tiyi akafike kutsidya kwa nyanja osanyowa, ndinalephera kumufikitsa mwana wanga kutsidya kwa munda.

Zaka zinapita. Aginesi anabadwa, kenako amalume anu awiri. Apongozi anatipatsa malo kuno ku Chimaliro, kwawo kwa aEnelesi, ine n'kukhala mkamwini. Ndinkapita kuntchito pa njinga, Loweruka ndikuumba njerwa. Nyumba itafika pa mawindo, mphepo inagwetsa m'bawa waukulu kumtsinje kumunsiku. Masiku amenewo kunali mitengo, osati mabulugamu okhaokha mukuonawa. Mwini munda ndinagwirizana naye kuti ndimukhomere denga, iye andipatse thunthu.

Munayamba mwaonapo kucheka matabwa padzenje? Simunaone. Mumakumba dzenje lakuya, thunthu n'kuligoneka pamwamba, wina amaima pathunthu, wina m'dzenje, sowo yaitali ili pakati, kukoka ndi kubweza. Wam'dzenje amadya utuchi tsiku lonse. ANamakhwa aja ndi amene anabwera kudzandithandiza, ndipo anasankha okha kulowa m'dzenje, sanalole kusinthana. Sitinakambirane chifukwa chake, tonse tinkachidziwa. Agogo anu ankatibweretsera makaka a chinangwa ndi kalongonda. Kalongonda ameneyo, inu odya tchipisi simungamupirire: amaphikidwa kuyambira m'mawa, madzi kutaya, kuthira ena, kutayanso, ukachita ulesi amakuzunguza mutu. Koma ukadya mbale imodzi umakoka sowo mpaka dzuwa kupendeka. Matabwawo ndinawasanja pamthunzi chaka chathunthu kuti aume bwino, ife tikutseka pakhomo ndi kachitseko ka bango.

Atauma, tsiku lina masana ndinatenga chingwe cha khonje n'kuwaitana agogo anu.

"Taimani apa, mutsamire khoma."

"Mwayamba utelala? Mukufuna kundisokera diresi?"

"Ndikufuna kupanga zitseko. Ziwiri."

Anali munthu wosachedwa kumva. Anavula mpango kumutu, anaima chilili, zidendene kukhoma.

"Ndiye muyeze bwino," anatero. "Muwonjezereko pang'ono, ine zopanikizika sindifuna."

Ndinamanga mfundo pa msinkhu wawo. Kenako anandilanda chingwe, anagubuduza mtondo n'kukwerapo, poti ine ndinali wamtali, n'kumanga mfundo yanga. Akutsika anaseka, nanenso ndinaseka. Aka kanali koyamba kuti nkhani ya Tereza idutse pakati pathu popanda wina kutuluka panja.

Tsopano tayang'ana m'mbali mwa chitsekochi, Yohane, pomwe wadulapo. Ukuona chiyani? Matabwa ndi awiri, ophatikizana, lakunja ndi lamkati. Chitseko wamba sichikwana bokosi la munthu wamkulu, chimangopereka pansi ndi mbali imodzi. Ndiye ine ndinaphatikiza. Akunjawa ndi pansi ndi chivundikiro, amkatiwa ndi mbali ziwiri, mipiringidzo yopingasayi ndi kumutu ndi kumiyendo. Mulibe guluu, mulibe msomali ngakhale umodzi, ndi masikuluwu okhaokha, kuti pomasula thabwa lisang'aluke. Muja munkandiona chilimwe chilichonse ndikumasula sikuluwu imodziimodzi, kuipaka girizi n'kuibwezera, inu n'kumanong'onezana kuti agogo ayamba kuzungulira mutu, ndinkakumvani. Ndinkateteza dzimbiri, kuti tsiku lake zisadzakanike.

Anthu a m'mudzi muno anaseka. Ankati mkamwini wa kwa aEnelesi waika zitseko za kundende, kaya akusungamo chiyani. Ndinkangoti ndimaopa akuba. Chakuchipinda chinali cha agogo anu, chakunjachi changa, poti chachitali ndi chimenechi.

Agogo anu anamwalira iwe Esitere uli Sitandade 2, Yohane ali kumbuyo. Anadwala miyezi itatu. Kutatsala masiku awiri anandiuza kuti nditsegule ndi kutseka chitseko chakuchipinda, amve kulira kwake. Ndinatero. Anati, "Chikadali cholimba," n'kutembenukira kukhoma.

M'mawa wa tsiku lomwe anatisiya, ndinatenga sikuludilaiva. Amayi anu anandipeza ndamasula kale hinjesi imodzi.

"Ababa, mukutani? Achimwene apita kale ku Boma kukaona bokosi."

"Atumizire mawu abwerere."

"Mukufuna kutichititsa manyazi? Anthu aziti ana a aEnelesi, ena ali pantchito m'tauni, alephera bokosi mpaka kuzula chitseko? Ababa, zimenezo ndi za anthu osowa."

"Mwana wanga, amayi ako anayezedwa kale. Ili ndi lawo."

Akuluakulu a mudzi nawonso anabwera, ati namfedwa sagwira nyundo, amakhala pansi anzake n'kumugwirira ntchito. Ndinawayankha mwaulemu kuti mwambo ndikuudziwa, koma kamodzi kokha andikhululukire. Bokosilo ndinalipangira pansi pa mpeyala uwo. Thabwa lililonse linalowa pamalo pake ngati ndinalicheka dzulo. Aginesi analikuta ndi nsalu yoyera kuti anthu asaone mabowo a mahinjesi, ndipo anatha miyezi osandilankhula bwino. Sindimuimba mlandu, za Tereza ankangodziwa kuti kunali mwana, za mvula ija sitinamuuze. N'chifukwa chake inunso sanakuuzeni kanthu.

Tsiku loika kunali chiperoni, njira yoterera. Ananyamula amuna asanu ndi mmodzi, ndipo asanafike pa mjigo anali atasinthana kale. Ndinamva mmodzi akudandaula chapansipansi, "Koma abale, bokosi limeneli muli miyala?" Ana inu, mundikhululukire, pamaliro a mkazi wanga mtima wanga unasangalala. Ndinayenda kumbuyo kwake maso ali pansi pa bokosi njira yonse, ndipo sipanatsike ngakhale pang'ono. Kuchokera tsiku la Tereza, limenelo ndi tsiku loyamba lomwe ndinayenda wowongoka.

Chitenje chili pakhomo la kuchipindacho ndi chawo. Amayi anu anabwerapo ndi chitseko china kawiri, ndinachibweza. Pamenepo sipadzalowanso chitseko ine ndili moyo.

Ndiye mwamva. Chimene mwagoneka pa njerwachi, chimene mumati mukhomere mbuzi, ndi bokosi langa.

Usalire, Esitere, sunaphe munthu. Wati chiyani? Mudzandigulira labwino ku Limbe, lonyezimira, la zogwirira zagolide? Ndawaona amenewo. Mwezi wathawu tinaika mnzathu wa kwaya m'bokosi lotero, ndinaligogoda ndi chala pomwe anthu sankaona. Ndi utuchi wopanikiza, kunja n'kumata pepala. Ndi pulayiwudi yemwe uja, wangovala suti. Amene akulifuna alowemo, si tchimo. Koma ine ndinalonjeza mkazi wanga ndi chingwe, iye anasunga mbali yake, yatsala yanga.

Esitere, lowa kuchipinda, pansi pa bedi pali chitini cha zipangizo. Mkati muli chingwe chokulunga m'kansalu. Bwera nacho.

Ndi chimenechi. Mfundo yam'munsiyi ndi ya agogo anu, ntchito yake inatha. Iyi ndi yanga, anamanga okha ataima pamtondo. Yohane, gwira nsonga, uike kumutu kwa chitseko, usiye malo a thabwa lakumutu, zala ziwiri. Eya, pomwepo. Esitere, koka mpaka kumunsi. Koka ndithu, chiwongoke.

Mfundo yapitirira.

Yapitirira ndi zingati? Ika zala zako. Zinayi. Chitseko chafupika ndi zala zinayi.

Ayi, Yohane, usagwade, dzuka. Ukuti tilumikize chidutswacho? N'chovunda, taona chikufumbutuka m'manja. Ukuti tigule thabwa lina tiwonjezere? Mdzukulu wanga, bokosi lolumikiza ndinapanga kamodzi, ndipo ndinalumbira kuti dzanja langa silidzapanganso. M'bawa kumtsinje kunatha, aNamakhwa anagona kalekale, manja angawa sagwiranso puleni. Ndisakunamizeni, zandipweteka. Zaka zonsezi ndimati ndikatseka pakhomo madzulo ndimagwira thabwali n'kudziwa kuti zanga zili m'malo. Ndisiyeni kaye pang'ono.

Wati bwanji, Esitere? Lankhula mokweza, khutu ili linapita ndi makina a kufakitale. Chingwechi n'chakale? Inde n'chakale, nanga ndati n'chatsopano? Wati uli mwana ndinkawerama polowa kukhitchini, koma masiku ano ndimangolowa osagunda? Iwe mwana iwe. Pakamwa pa agogo ako ndithu.

Ndivuleni nsapato. Musandiyang'ane choncho, ndati ndivuleni nsapato, kumeneko sapita ndi nsapato. Malodza a chiyani? Imfa siitanidwa ndi kuyeza, ikanakhala yotero bwenzi matelala onse atatha. Ndigwire mkono uwu, Yohane, iwe Esitere ugwire mutu. Pang'onopang'ono, msanawu si wa kampani, ukathyoka palibe wina. Amisiri inu, pitirizani ntchito yanu, palibe chachilendo pano, nkhalamba ikungoyesa bedi.

Ha, m'bawa uyu. Zaka zonsezi fungo lake likadalimo.

Ndawongoka mmene ndingathere, kuposa apa ndiye mundithyola. Yohane, ika chikhatho chako pamwamba pa mutu wanga, choimika, ngati thabwa. Esitere, pita kumiyendo. Zidendene zili pati? Usandikomere mtima, unene zoona, ukanama udzavutika ndiwe tsiku lake.

Zatsala zingati? Zitatu? Thabwa lakumiyendo lidya ziwiri. Ndiye chatsala chala chimodzi.

Chakwana. Ana inu, chakwana, mpaka ndi kowonjezera komwe ankafuna agogo anu. Ukalamba unayamba kale kundidula, sowo yako yangotsatira m'mbuyo. Ndidzutseni ndisanazolowere.

Esitere, tenga chingwe umange mfundo yatsopano pomwe panafika zidendene. Yakaleyo usamasule, anamanga ndi agogo ako. Makiyi a chitseko chanu chachitsulocho ndipatse, ndachilandira ndi manja awiri, ndipo chiperoni chikabwera ndidzakukumbuka ndikutsegula ndi chala chimodzi. Mbuzi muzipezere mabulugamu.

Ichi muitane amisiriwo akuthandizeni, mulowe nacho kuchipinda. Muchiimike kukhoma la kumutu kwa bedi, pansi muike njerwa kuopa chiswe. Sikuludilaiva iyi, Yohane, kuyambira lero ndi yako. Chilimwe chilichonse uzibwera, sikuluwu imodziimodzi, kumasula, girizi, kubwezera. Ndidzakuonetsa thabwa liti ndi la pati, ulembe ndi pensulo mkati mwake. Amayi anu ndikawauza ndekha za mvula ija, ndachedwa nazo kokwanira.

Tsikulo likadzafika musadzalikute ndi nsalu, mabowo a mahinjesi adzaoneke. Mudzapeze amuna amphamvu asanu ndi mmodzi. Ndipo panjira mukadzamva wina akudandaula kuti likulemera, musadzapepese.